Kompyuta Yochoka m'Chipinda Chosasesa

Sunthirani kuno pafupi ndi moto, ndipo mafoni anuwo muyambe mwaika m'matumba, chifukwa nkhani iyi ikukhudza iwo omwewo. Inu amene mumati zamizimu zinatsalira kumudzi, imvani zimene zinamuonekera Lekani Namakhwa mkatikati mwa Blantyre, m'nyumba ya malata ndi mpanda wa njerwa.

Lekani ndi mnzake Wyson Matola anali ndi tsamba la pa intaneti lopezera nyumba za lendi. Munthu akatopa ndi kuzunguzidwa mutu ndi madobadoba, ankangolemba pa foni kuti "zipinda ziwiri, Machinjiri, madzi apakhomo," nyumba n'kutuluka, zithunzi ndi nambala ya mwini wake zomwe.

Kuseri kwa tsambalo kunali makompyuta awiri. Yoyamba inali ya Lekani. M'menemo munali pulogalamu imene anthu ankaiona pa foni, komanso nkhokwe yosungiramo nyumba zonse ndi zithunzi zake. Yachiwiri inali ya Wyson, ndipo ankaitchula kuti seva yofufuzira. Imeneyi sinkasunga nyumba ayi, inkangosunga kalozera wa mawu, wonena kuti mawu akuti Machinjiri ali pa nyumba iyi ndi iyi, akuti mpanda ali pa iyi ndi iyo. Munthu akafufuza, pulogalamu ya Lekani sinkavutika kuvundula nkhokwe yonse. Inkafunsa seva ya Wyson, sevayo n'kuloza nyumba zoyenera, pulogalamu n'kukazitenga m'nkhokwe. Nyumba yatsopano ikalowa, kapena ina ikapeza munthu, pulogalamu inkatumiza uthenga kuti kalozera akonzedwe. Panali lamulo limodzi, ndipo muligwiritsitse: seva ya Wyson sinkayamba yokha kuyankhula. Inkadikira kufunsidwa.

Anthu awiriwa ankagwirira limodzi ntchito, koma chikondi panalibe. Wyson ankasunga sevayo m'chipinda chake chogona ku Bangwe, ati chifukwa iye anali ndi sola ndi mabatire. Anali munthu wokonda mtedza wokazinga, makoko mbwee paliponse pamene wakhala, ndipo ukamufunsa kanthu ankayamba wakonza kukhosi, khe-khem, ngati mlaliki, kenako n'kuyankha. Mawu ake okondedwa anali akuti, "Iwe uli ndi nyumba zonse, aphwanga, koma popanda ine supeza ndi imodzi yomwe." Lekani akamva mawu amenewa magazi ankawira. Ankadana ndi khe-khem uja, ankadana ndi makoko aja, ndipo koposa zonse ankadana ndi choonadi chimene chinali m'mawuwo.

Ndiye Wyson anangodandaula mutu, sabata isanathe anali atatisiya.

Pa maliro wina anazimitsa zonse za m'chipinda cha malemu n'kukhoma chitseko. Tsamba linafa pomwepo. Nyumba zinalimo m'nkhokwe, inde, koma aliyense wofufuza ankangoona kachizungulire kozungulira kosatha. Eni nyumba anayamba kuimba mafoni, ena mwaulemu, ena motukwana. Lekani sanapirire. M'mawa mwake mwa tsiku loika maliro, anamfedwa akadali pamphasa, iye anatulukira ku Bangwe ndi chikwama chachikulu.

Pakhomo la chipindacho anakumana ndi Felesiya, mlongo wake wamkulu wa malemu, mayi wamtali wosadziwa kusekerera zopusa.

"A Namakhwa, m'menemo simulowa munthu. Sitinasese."

"Sindikufuna malaya ake, achemwali. Ndikufuna makina a ntchito basi."

"Makinawo ankagona nawo, ankadzuka nawo. Mpaka tidzasese ndi kugawa katundu, chilichonse m'menemo n'chake."

"Ndiye anthu asiye kupeza nyumba mwezi wathunthu chifukwa cha tsache lanu?" anatero Lekani mokweza, dala kuti amve ndi apakhonde omwe. "Wyson wapita. Kompyuta siidziwa maliro."

Amayi amene anali pakhonde anayang'anana. Mmodzi anaphimba pakamwa ndi chitenje. Lekani anakankha chitseko ndi phewa, nazula mawaya, nakutumula makoko a mtedza amene anali pamwamba pa makinawo, n'kuwalonga m'chikwama. Felesiya sanamugwire. Anangopatuka, manja atapinda pachifuwa.

"Tengani," anatero. "Koma chotuluka m'chipindamo lero sichituluka chokha."

Lekani anaseka chiseko chonyoza, nauyamba ulendo wa kwawo ku Chilomoni.

Mkazi wake, Tinenenji, ataona chimene chinali m'chikwamacho nkhope inagwa. "Bambo a Upile, za m'chipinda cha malemu mwalowa nazo m'nyumba muno? Muli mwana muno!"

"Ndi waya ndi zitsulo, iwe. Usandibweretsere za kumudzi kwanu."

Anaika sevayo m'kachipinda kosungiramo katundu, koyandikana ndi chipinda cha mwana wawo Upile, kamtsikana ka sitandade 2. Analumikiza mawaya, tsamba linadzuka, mafoni otukwana analeka. Lekani anadya chakudya chamadzulo mosangalala tsiku limenelo, mpaka kuimba kamluzu.

Choyamba chinali makoko. M'mawa anapeza makoko ofiira a mtedza pamwamba pa sevayo, ataunjikana bwinobwino pakona. Anamukalipira Upile mpaka mwana analira, chonsecho m'nyumbamo munalibe ndi njere imodzi yomwe ya mtedza. Anasesa. Kutacha analiponso.

Kenako tsiku lina madzulo magetsi anazima dera lonse. Firiji inaleka kulira, wailesi ya oyandikana nawo inati chete, ndipo m'bata limenelo onse atatu anamva kulira kwa makina m'kachipinda muja, huuu, kosadukiza. Mabatire a Wyson anali atatsala ku Bangwe. Tinenenji anamuyang'ana mwamuna wake. Lekani anati mwina muli kabatire kamkati, koma sanadzuke kukaona.

Mlendo woyamba anabwera dzuwa likulowa. Lekani anamva kugogoda kofooka pageti, ngati kwa munthu wogogoda ndi chikhadabo. Atatsegula anapeza bambo wovala jekete lalikulu kuposa thupi lake, mphasa yopinda kukhwapa, ndowa m'manja. Mapazi ake anali ndi dothi lofiira lonyowa, pamene mvula inali isanagwe miyezi. Nkhope yake Lekani sanaione bwino, ndipo pambuyo pake ankalephera kuikumbukira.

"Ndamva kuti pali nyumba pano," anatero bamboyo ndi mawu apansipansi.

"Mwasochera. Pano ndi panga."

Bamboyo sanatsutse. Anangotambasula dzanja, kuonetsa foni yosweka galasi. Pa foniyo panali tsamba la Lekani lomwe, ndipo patsambalo panali geti limene iye anali atagwira ndi dzanja lake. Pansi pa chithunzicho panalembedwa kuti: Chilomoni, zipinda zitatu, mpanda, mulibe anthu.

"Chokani pano!" Lekani anakuwa. "Wakutumani ndani? Felesiya?"

Bamboyo anatembenuka pang'onopang'ono, nawoloka msewu, nakayala mphasa yake pansi pa mtengo wa mango umene unali tsidya lina. Anakhala pamenepo kuyang'ana geti.

Lekani anathamangira pa kompyuta yake. Anafufuza "Chilomoni mpanda," ndipo nyumba yake inatuluka pamwamba penipeni. Anatsegula nkhokwe, kufuna kuona amene waiikamo kuti amukhaulitse. M'nkhokwe munalibe. Apa mutu unaima, chifukwa zimenezi sizitheka. Seva imangoloza, ndipo ikaloza chinthu chimene m'nkhokwe mulibe, pulogalamu imayenera kubwerako chimanjamanja. Nanga zithunzizi zinkachokera kuti? Anayang'ana mauthenga amene makina awiriwa ankatumizirana. Uthenga wakuti nyumba yatsopano yalowa unalipo, koma sunachokere ku pulogalamu yake. Unachokera m'kachipinda muja. Seva ya Wyson inali itayamba kuyankhula isanafunsidwe.

Anatsegula chithunzi chachiwiri. Chinali cha pabalaza pake, chojambulidwa kuchokera pakhomo la kachipinda kaja, chapansipansi. Zonse zinali m'malo mwake, kupatula wotchi ya pakhoma. Lekani anadzutsa maso. Wotchi inali pomwepo, ikuyenda bwinobwino. Anadziseka yekha, nafufuta nyumbayo m'kalozera, nakagona.

Kutacha pakhoma panali msomali wokha. Ndipo nyumba inali itabwerera patsamba.

Zinayenda chomwecho. Chithunzi chimayamba, chinthu n'kutsatira. Lero pachithunzi palibe mbaula, mawa Tinenenji akuifuna mbaula nyumba yonse. Kenako makatani a pabalaza. Kenako mpando umene Lekani ankakonda kukhalapo, mpando wolemera woti anthu awiri anyamule. Geti lokhoma, galasi la pawindo losasweka, galu osauwa. Galuyo ndiye anali atasamukira kuseri kwa bafa, ndipo ankakana kudutsa pafupi ndi kachipinda kaja ngakhale umuonetse fupa.

Pansi pa mango paja anthu ankachuluka. Kunabwera amayi awiri ndi mitolo yomanga m'zitenje. Kunabwera nkhalamba yonyamula mtondo. Palibe amene ankawaona akutsika minibasi kapena kabaza, ankangopezeka alipo. Sankagogoda, sankacheza, sankadya. Mayi wogulitsa tomato pamalopo anasamutsa benchi lake osanena chifukwa, ndipo ana a sukulu anayamba kuzungulira njira ya kumtunda.

M'nyumba namo munali moto. Lekani ankati abale a Tinenenji ndiwo akuba. Tinenenji ankati iye waitana tsoka ndi manja ake. Ankakangana mpaka mawu kusasa, ndipo tsiku lina, mkangano uli pakati, Lekani anafunsa mokalipa kuti, "Nanga mwini nyumba ino ndani?" Onse awiri anamva bwinobwino kuchokera m'kachipinda muja: khe-khem.

Palibe chinatsatira. Makina anangopitiriza kulira.

"Bwezani chinthucho," Tinenenji ananong'ona, misozi ili m'maso. "Ndakugwirani mwendo, bambo a Upile. Kapepeseni ku Bangwe."

"Kuti Felesiya andiseke? Kuti tsamba lifenso? Ayi. Ndi kalozera wasokonekera basi. Ndimugwetsa yense n'kumumanga mwatsopano."

Mwamuona munthu ameneyu? Mantha anali nawo, koma kuuma mutu kunali kwakukulu kuposa mantha. Ine anthu otere amandinyansa, chifukwa chilango chawo sichigwera iwo okha.

Kumanga kalozera mwatsopano ndi ntchito yodziwika. Umafufuta zonse zimene seva ikudziwa, itsale mbee, kenako pulogalamu imaiuzanso nyumba zonse za m'nkhokwe, imodzi ndi imodzi. Chimene m'nkhokwe mulibe sichingabwererenso. Lekani anachita zimenezi Loweruka m'mawa, dzuwa likuwala, chitseko cha kachipindako chili chotsegula. Anaona kalozera akutha mpaka kutsala wopanda kanthu, mtima unakhala m'malo. Nyumba zinayamba kulowa, Ndirande, Zingwangwa, Chirimba, Manja, mpaka yomaliza. Pulogalamu inati yamaliza kutumiza.

Seva inayankha kuti yalandira zonse, ndi imodzi yapamwamba.

Pa nyumba yapamwambayo panali chithunzi chatsopano. Chinali cha chipinda cha Upile. Bedi linali mafelemu okhaokha, opanda matiresi. Pa msomali panalibe yunifolomu. Pakhomo, pamene mwanayo ankavula tinsapato take ta kusukulu tsiku lililonse, panali simenti yokha.

Lekani anadzambatuka, mpando n'kugwa. Anathamangira kuchipindako. Upile anali pabedi, akupesa chidole chake, tinsapato tili pakhomo. Bambo wake anamukumbatira mwamphamvu mpaka mwana anadandaula kuti akumupweteka. Apa ndiye kuuma mutu kunatha. Anazula mawaya onse a sevayo, naiponya m'chikwama chomwe chija.

"Khoma geti," anauza mkazi wake. "Wina aliyense akagogoda usatsegule. Mwanayu asachoke pamaso pako. Ndikubwera."

Potuluka sanayang'ane ku mango kuja, koma anamva mitu yonse ikutembenuka kumutsatira.

M'minibasi chikwama chinali pamiyendo pake, ndipo chinali chofunda ngati wanyamula nkhuku. Atafika mu Limbe anatulutsa foni kuti aone tsamba. Seva inali yozimitsa, mawaya ali m'thumba lake, choncho kufufuza kunayenera kukanika monga kunakanikira pa maliro paja. Analemba kuti "Chilomoni." Yankho linabwera msanga kuposa kale lonse. Mayi amene anakhala naye pafupi anasuntha, n'kufunsa kondakitala ngati kutsogolo kuli malo.

Ku Bangwe anapeza pakhomo pali mbee, mphasa zitachotsedwa, bwalo losesedwa bwino. Felesiya anali pakhonde akusankha nyemba, kumutu atameta. Sanamupatse mpando.

"Achemwali, ndinalakwa," anatero Lekani, atagwada pa fumbi, munthu amene sanagwadirepo aliyense. "Ndabweza katundu wa malemu. Muikeni m'chipinda mwake, museseko monga mwa mwambo wanu."

Felesiya anapitiriza kusankha nyemba. "Mwambo wathu? Si tsache lathu lija?"

"Chonde. Ndili ndi mwana."

"Nayenso Wyson anali mwana wa munthu." Anadzutsa maso tsopano, ndipo munalibe chisoni m'menemo. "Tinasesa dzana, a Namakhwa. Katundu tagawa, chipinda tapaka laimu. Koma akuluakulu amene anabwera kudzaperekeza mzimu wa malemu atalowa m'chipindamo anatuluka msanga. Anati muno mulibe woti timuperekeze, anatuluka kale. Ife tasesa chipinda chopanda munthu."

"Ndiye mulandireni abwerere!"

"Abwerere kuti? Kuno khomo lake tatseka, silitsegulidwanso. Mlongo wanga alibe pokhala chifukwa cha inu. Munamunyamula nokha, munamulowetsa m'nyumba mwanu nokha. Musiyeni apeze malo monga ankapezera anthu ena."

Lekani anayesa kusiya chikwamacho pakhonde. Felesiya anaimirira, nyemba n'kukhutukira pansi. "Mukachisiya pano ndikuwa kuti mwabwera ndi mankhwala, ndipo Bangwe yense mumudziwa lero." Anyamata amene ankasewera bawo pafupi anali atasiya kale masewera awo. Lekani ananyamula chikwama chake.

Pobwerera anaimbira Tinenenji. Foni inaitana, osayankhidwa. Anaimbanso, n'kumva kuti nambalayo kulibe. Minibasi inkangoima paliponse, kondakitala akukangana ndi anthu, dzuwa likutsetsereka. Atatsika pa siteji ya kwawo foni inanjenjemera yokha m'thumba. Linali tsamba lija. Pansi pa chithunzi cha geti lake mawu akuti mulibe anthu anali atachoka. Panalembedwa kuti: yatengedwa.

Anathamanga, chikwama chikumumenya pamsana.

Geti linali lokhoma monga analamulira, koma kiyi wake anakana kulowa. Anasuzumira pa mpata wa pakati pa zitsulo. M'mawindo a pabalaza munali makatani, koma sanali awo. Pa chingwe panali payanikidwa malaya aamuna amizeremizere amene iye ankawadziwa bwino, chifukwa anakhala akuyang'anizana nawo pa ntchito zaka zonsezi. Pa sitepe ya pakhonde panali makoko a mtedza, ambirimbiri, mphepo ikuwauluza pabwalo.

"Tinenenji!" anakuwa, akumenya geti ndi zibakera. "Mayi a Upile! Tsegula! Muli ndani m'nyumba mwangamo?"

Kuchokera kuchipinda chake chogona, momasuka, mosafulumira, kunamveka khe-khem. Kenako nyali ya m'chipindamo inazima.

Lekani anabwerera chambuyo. Ndipamene anatembenukira ku mango kuja. Bambo wa jekete uja kunalibe, amayi a mitolo aja kunalibe, nkhalamba ya mtondo kunalibe. Onse anali atapeza malo. Pansi pa mtengowo panatsala anthu awiri okha, mayi ndi kamtsikana, ataima mwakachetechete. Mayiyo anali atasenza mtolo womanga m'chitenje chimene Lekani anagula yekha mu Limbe. Kamtsikanako kanali katanyamula tinsapato ta kusukulu m'manja, ndipo kumapazi kwake kunali dothi lofiira lonyowa.

Anawoloka msewu akudzandira. "Tinenenji," anatero. Mayiyo anamuyang'ana ngati mmene umayang'anira munthu wodutsa pamsika. Lekani anagwada pamaso pa mwana wake, namugwira timapewa, tozizira ngati mwala wa kumtsinje.

"Upile. Upile, mwanawe, ndine."

Mwanayo anayang'ana chikwama chimene chinkalira huuu pamsana pake, kenako anamuyang'ana kumaso mwaulemu, monga anaphunzitsidwira kuyankhula ndi akuluakulu osawadziwa.

"Ankolo," anatero, "mukudziwako kumene kuli nyumba?"

Kolezerani motowo, wayamba kuzilala. Ndipo inu amene mukufuna nyumba ku Chilomoni, mukaona bambo wa chikwama chachikulu akuyenda geti ndi geti dzuwa likamalowa, mayi ndi mwana akumutsatira patali, musamufunse kanthu. Chimene wanyamulacho chimayankha.